Vuto la maso a mwana: anapatsiridwa ali m'mimba kapena ndi lakumtundu?

Dokotala akaunika diso la mwana wanu n'kupeza timadontho takuda pa retina, kachikopa ka m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala, funso loyamba ndi lakuti timadonthoto tachokera kuti. Rubella kapena chindoko, mwana akazitenga ali m'mimba, zimasiya timadontho tofanana ndi ta retinitis pigmentosa, matenda otengera kumtundu. Koma chithandizo chake n'chosiyana, tsogolo la mwana n'losiyananso.

Nkhaniyi ndi yofunika ku Bulawayo lero. Zimbabwe inayamba kupereka katemera wophatikiza wa chikuku ndi rubella mu 2015, kwa ana osakwana zaka 15. Choncho amayi ambiri obadwa chaka cha 2000 chisanafike sanamulandire. Mliri wa chikuku umene unayamba ku Manicaland mu 2022 n'kupha ana oposa 700 unasonyezanso kuti alipo ana ambiri amene katemerayu sanawafike.

Mayi akadwala rubella m'miyezi itatu yoyambirira ya pathupi, mwana angabadwe ndi ng'ala, vuto la mtima kapena kusamva. Timadontho ta rubella kawirikawiri sitiwonjezeka. Retinitis pigmentosa imakula pang'onopang'ono: mwana amayamba kuvutika kuona kukada, kenako saona bwino zam'mbali. Nthawi zambiri bambo ndi mayi onse amaona bwino koma ali ndi vutoli m'chibadwa chawo, ndipo zikatero pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nalo ndi umodzi pa inayi. Si mlandu wa mayi kapena wa bambo, ndipo si ufiti.

Chindoko chimachizika ndi jakisoni wa penisilini, ndipo mwana, mayi ndi bambo onse ayenera kulandira chithandizo kuti mimba yotsatira itetezeke. Rubella kawirikawiri sibwereranso kwa mayi amene anadwalapo. Vuto lakumtundu lilibe mankhwala a tizilombo. Chofunika ndi kuunika abale a mwanayo ndi kumukonzekeretsa kusukulu msanga.

Musazengereze, chifukwa kuyeza magazi kumasonyeza bwino rubella mwana asanakwanitse chaka. Pitani kukiliniki yapafupi, mupemphe kalata yopitira ku Richard Morris, chipatala cha maso cha United Bulawayo Hospitals. Tengani khadi lanu lakusikelo ndi la mwana. Muuzeni dokotala ngati munatuluka nsungu kapena kutentha thupi muli woyembekezera, komanso ngati kuchimuna kapena kuchikazi kuli wina wosaona bwino usiku, ngakhale achibale amene anatsala ku Malawi.

Mukaona choyera pakati pa diso la mwana, kapena mafinya m'maso mwa khanda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Choyeracho chingakhale ng'ala kapena khansa ya m'diso, ndipo mafinyawo angachititse khanda khungu m'masiku ochepa. Musathiremo mkaka wa m'mawere kapena mankhwala azitsamba.