Blue Monday ali pa Wikipedia, nanga Chibwela Kumushi?

Pa 3 Okutobala chaka chilichonse, ma status a pa WhatsApp amadzaza ndi nkhope za anyamata. Akuti ndi Boyfriend Day. Pa 1 Ogasiti imakhala nthawi ya anyamata, akuti Girlfriends Day, ndipo amene waiwala amagona meseji yake isanayankhidwe. Palibe mfumu imene inalengeza masiku amenewa, ngakhale aphungu ku Manda Hill sanawakambiranepo. Anangomera pa foni ngati bowa wa m'dzinja. Ifenso a pa wailesi za m'madera timawalengeza, chifukwa pulogalamu ya m'mawa imafuna nkhani, ndipo nkhani ya chibwenzi ndi imene imaimbitsa mafoni.

Ndiye pali mkangano: kodi masiku otere ayenera kukhala ndi tsamba lawolawo pa Wikipedia? Ena amati onse achotsedwe chifukwa ndi opeka. Ife chifukwa chimenecho sitikuchivomera. Tsiku lililonse lokumbukira chinthu linayambitsidwa ndi munthu. La mapemphero la pa 18 Okutobala analengeza ndi a Edgar Lungu mu 2015, tonse tili ndi maso. La a Kenneth Kaunda la pa 28 Epulo linabwera mu 2021. Lathu la wailesi, pa 13 Febuluwale, linakhazikitsidwa ndi UNESCO mu 2011. Ngakhale N'cwala, imene Angoni anaileka atagonja kwa azungu mu 1898, inachita kudzutsidwa mu 1980 ndi anthu amene anakhala pansi n'kugwirizana. Kupeka si mlandu. Chofunika n'chakuti tsikulo anthu analilandira kapena ayi.

Wikipedia ili ndi muyezo wake pa zimenezi. Imati chinthu chikhale ndi tsamba ngati anthu odalirika, amene sali mbali ya chinthucho, anachilemba mozama m'mabuku, m'manyuzipepala kapena m'kafukufuku. Kungotchulidwa podutsa sikuwerengedwa. Ndi muyezo umenewu masiku ena opekedwa analowa, ndipo sitingawatsutse. Singles' Day ya ku China, pa 11 Novembala, inayamba ngati nthabwala ya ophunzira a pa yunivesite amene analibe zibwenzi. Kampani ya Alibaba inaigwira mu 2009 n'kuisandutsa tsiku lalikulu la malonda, moti wolemba za chuma cha China sangailumphe. Pi Day ya pa 14 Malichi inayamba mu 1988 ku San Francisco ndi Larry Shaw, ndipo mu 2019 UNESCO inasankha deti lomwelo kukhala tsiku la masamu padziko lonse.

Koma chimene chimatikomera kwambiri ndi Blue Monday. Akuti Lolemba lachitatu la Januwale ndi tsiku lachisoni kuposa onse pa chaka. Nkhaniyi inatuluka mu 2005 kuchokera ku kampani ya maulendo ya Sky Travel ku Britain, imene inkafuna kuti anthu otopa ndi chisanu agule matikiti. Anaikapo ndi kasamu kooneka ngati ka sayansi. Tsamba lake pa Wikipedia limanena mosabisa kuti sayansiyo ndi yabodza. Apa ndi pamene tsamba limagwira ntchito: munthu wamva mphekesera, wapita kukafufuza, wapeza amene anaiyambitsa ndi chimene ankagulitsa. Kuno Januwale timamudziwa kale popanda kasamu, ndi mwezi wa mayunifomu, wa kupalira, ndi wa thumba la ufa lokwera mtengo.

Choncho muyezowu tikuuvomera. Tsiku limene mboni zake ndi mawebusaiti okoperana okhaokha ndi ogulitsa maluwa, liyambe ladikira panja.

Vuto limayamba muyezo womwewo ukakwera basi ya pa Great East Road n'kutsikira pa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, makilomita opitirira 80 kuchokera ku Lusaka. Ambiri a m'tauni malowa mumawadziwa chifukwa cha akasupe a madzi otentha, pamene anthu opita ku Chipata amaima n'kujambula zithunzi. Koma konkuno ndi kumene Asoli a kwa Amfumu Bunda Bunda amachitira mwambo wa Chibwela Kumushi. Dzina lokhalo likunena nkhani yake: kubwerera kumudzi, anthu atatha kukolola kuminda kumene ankakhala m'misasa. Mwambowu uli ndi mboni zamaso zambirimbiri, oimba ng'oma, ophika, ndi agogo odziwa chiyambi cha nyimbo iliyonse. Koma mboni zimenezi zimalankhula, sizisindikiza.

Nanga manyuzipepala? Amabwera ndithu pa miyambo yathu, koma werengani zimene amalemba tsiku lotsatira. Mlendo wolemekezeka analonjeza msewu. Amfumu anadandaula za feteleza wochedwa ndi maukwati a ana aang'ono. Za mwambo weniweniwo pamakhala mzere umodzi kapena iwiri, kumene kuli kutchula podutsa kuja. Mnyamata wa ku Chinyunyu akafuna kulemba zimene agogo ake anamuuza, Wikipedia imukaniza, chifukwa ili ndi lamulo lina loletsa kulemba zofufuza wekha. Motero bodza la kampani ya ku Britain lili ndi mboni zokwanira, pamene mwambo wa makolo ukuvutika kupeza ziwiri zolemba mozama.

Dandaulo limeneli si lathu lokha. Mu 2011 Achal Prabhala wa ku India anatulutsa filimu yotchedwa People Are Knowledge, atayenda m'midzi ya ku India ndi ku South Africa, kusonyeza kuti mawu a pakamwa angajambulidwe n'kukhala umboni. Wikipedia ya Chingelezi sinasunthe, imafunabe zofalitsidwa.

Kodi tipemphe kuti afewetse lamulo? Apa ife tikukana, ngakhale mtima ukufuna. Chitseko chikangotseguka pang'ono, oyamba kulowa sadzakhala agogo a ku Chinyunyu. Adzakhala aja ali ndi ma bundle osatha ndi anthu olipidwa kuti alembe, ndipo m'chaka chimodzi padzakhala tsiku la sopo aliyense ndi la netiweki iliyonse.

Pali khomo lina limene ambiri sitilidziwa. Kwa Wikipedia, chofalitsidwa si pepala lokha. Mawu kapena kanema amene anajambulidwa, n'kuulutsidwa ndi kusungidwa ndi bungwe lodalirika, angathe kuwerengedwa ngati umboni, bola ena athe kuwapeza n'kumvera okha. Apa nkhani yatigwera ife a wailesi. Timapita ku miyambo ndi rekoda, timacheza ndi akuluakulu, timaulutsa madzulo, kenako memory card ikadzaza timafufuta kuti tijambule mpira. Pulogalamu imene ikanakhala mboni imakhala ndi moyo ola limodzi. Kuisunga sikufuna ndalama zambiri: deti, malo, dzina ndi udindo wa wolankhula iye atalola, ndi malo amodzi pa intaneti pamene wofufuza angaipeze.

Ofufuzawo aliponso. Yunivesite ya Zambia italengeza mu 2018 za maphunziro a chikhalidwe chosagwirika ndi manja, mothandizidwa ndi UNESCO, pa Facebook panadzaza nthabwala zoti ayamba kuphunzitsa ufiti. Ambiri oseka aja ndi omwewo amene pa 3 Okutobala amaika zithunzi mosafunsa kuti tsikulo lachokera kuti. Koma ophunzira otere ndi amene angalembe mozama za Chibwela Kumushi, monga momwe ena analembera za Gule Wamkulu mpaka UNESCO kumuzindikira mu 2005.

Chotivuta china ndi chilankhulo. Akuluakulu a kwa Bunda Bunda amafotokoza zakuya m'Chisoli, ife timafunsa m'Chinyanja cha m'tauni, ndipo pakati pake mawu ena amagwa pansi. Wopita ndi rekoda chaka chino atenge mnzake wodziwa Chisoli bwino, afike kutatsala masiku angapo, akuluakulu asanatanganidwe ndi kulandira alendo, ndipo asunge mawu a Chisoliwo momwe analankhulidwira pambali pa kumasulira kwake.