Dimba la Anthu Ena M'botolo: Tasanja Mapefyumu 7 a Hermès ndi Mphuno ya mu Lusaka

Ngati mumakwela basi ya m'mawa kuchoka ku Chelstone, ku Matero kapena ku Chawama, mnyamata uyu mumamudziwa. Shati yoaina bwino, nsapato zowala, ndipo akangolowa basi yonse imadziwa kuti wafika. Kondakita amayetsemula n'kunena kuti, "Boyi, wasamba nayo kapena wamwa?" Mumadziwanso ba sista aja amene pa WhatsApp status pawo sipasowa tumabotolo tung'onotung'ono, pansi atalemba kuti "original, 100% natural, inbox." Anthu awiliwa ali pa malonda amodzi. Wina agula, wina agulitsa, ndipo mawu amene akuyendetsa msika wawo masiku ano ndi akuti chilengedwe.

Paliponse manje pefyumu ikugulitsidwa ndi nkhani ya nkhalango, mvula, maluwa ndi dothi. Ndiye tati titenge gulu limodzi la mapefyumu odula amene anamangidwa pa nkhani imeneyi, tiwasanje kuyambila wothela mpaka woyamba, kenako tione chimene ndalama yanu imagula zoona.

Gululi ndi la Hermès, kampani ya ku Paris, ndipo amalitcha Jardins, kutanthauza madimba. Linayamba mu 2003, ndipo botolo ya nambala 7 inatuluka mu 2023. Asanu oyamba anapangidwa ndi Jean-Claude Ellena, awili otsatila ndi Christine Nagel. Pefyumu iliyonse ili ndi dimba lake, m'dziko lake. Kuno ambili simuzapeza botolo yathunthu m'manja. Imafika ndi wachibale wochoka ku Johannesburg kapena ku Dubai, kapena mumagula ka decant, kaja kamene ba sista amapungulila mu kabotolo ka 5ml kapena 10ml.

Sitikusanja ngati anthu a ku Paris iyayi. Mafunso athu ndi atatu chabe. Kodi imapilila dzuwa la Okutobala? Kodi mnzanu wa pa mpando wa anthu anayi angapume? Nanga fungo lake likulingana ndi mtengo?

7. Un Jardin après la Mousson (2008)

Nkhani yake ndi ya ku Kerala, ku India, mvula yamphamvu itangosiya. Muli jinja, cardamom, coriander ndi tsabola. Dzina likulonjeza mvula, ndipo apa ndi pamene munthu wa kuno amakhumudwa. Ife mvula yoyamba ya Novembala timaidziwa ndi fungo la fumbi lonyowa, lija limakupangitsani kufuna kunyambita chipupa. Iyi imamveka ngati vwende lodulidwa kumene, lothilidwa zokometsela za m'khichini. Pa khungu la ena imakhala bwino maningi, pa ena imasanduka ngati nkhaka zimene zagona. Osagula musanayese.

6. Un Jardin sur le Toit (2011)

Ili ndi dimba la padenga la nyumba ya Hermès yeniyeni ku Paris, pa 24 Faubourg Saint-Honoré. Apozi, peyala, rozi, udzu wongotchetcha. Ndi yoyela, yaulemu, siingakhumudwitse bwana kapena apongozi. Vuto ndi lakuti munthu akakudutsani aganiza kuti mwagula shampu yabwino. Kulipila ndalama zonsezo kuti anthu aziti mwasamba bwino, sopo angakuchitileni zimenezo.

5. Un Jardin sur la Lagune (2019)

Nagel anaitenga ku Venice, pa dimba lobisika limene Mngelezi wina, Frederic Eden, analima pa chilumba cha Giudecca. Muli magnolia, maluwa oyela ndi kamchele ka m'nyanja. Pa onse 7, iyi ndi imodzi mwa zokhalitsa pathupi, ndipo ndi yotsekemela. Madzulo a Juni, mphepo ikuluma, ndi yabwino zedi. Koma muyeseni kuithila kanayi masana a Okutobala, mukwele basi pa Kulima Tower mazenela osatseguka, muzamva amayi a kumbuyo akuti, "Mwanangu, tichitileniko chifundo."

4. Le Jardin de Monsieur Li (2015)

Dimba la ku China la munthu wongopeka. Jasmine ndi kumquat, kachipatso kokhala ngati lalanje kakang'ono. Mphindi zoyamba ndi zokoma ngati madzi ozizila pa njila ya fumbi. Kenako mufika ku nchito, mununkhiza dzanja, palibe. Imathawa msanga ngati malipilo pa 5 mwezi. Ndi ya munthu amene ali ndi ndalama yothilanso masana.

3. Un Jardin à Cythère (2023)

Iyi ndiyo yatsopano pa gulu lathu, yochokela ku chilumba cha Kythira ku Greece. Chodabwitsa n'chakuti dimba ili lilibe maluwa. Muli udzu wouma, mtengo wa olivi ndi pistachio, mtedza uja wobiliwila wa kunja. Ngati munayendapo ulendo wa ku Chipata mu Ogasiti, udzu wonse utafiila m'mbali mwa Great East Road, fungo ili mulidziwa. Pena limakumbutsa nshawa zokazinga zikadali zofunda. Siikuwa, ndipo ikwanila mwamuna kapena mkazi. Ena aziti ndi yachilendo, koma simuzanunkhila mofanana ndi ofesi yonse.

2. Un Jardin en Méditerranée (2003)

Ndiyo yoyamba kubadwa. Ellena anaitenga ku Tunisia, pa dimba la Leïla Menchari, mayi amene anali kukongoletsa mawindo a sitolo ya Hermès ku Paris. Mtima wake ndi mkuyu: masamba, utomoni woyela uja, ndi khungwa lotenthedwa ndi dzuwa. Mkuyu si mlendo kwa ife. Ngakhale Big Tree ya pakati pa tauni ya Kabwe ndi mtengo wa mtundu umenewu. Pefyumu iyi ili ngati kukhala pa mthunzi masana. Dzuwa siliisokoneza, ndipo mnzanu wa m'basi sangadandaule.

1. Un Jardin sur le Nil (2005)

Ellena anapita ku Aswan, ku Egypt, kukasaka fungo la mtsinje wa Nile, ndipo chimene chinamugwila mphuno ndi mango yosapsa pa kachilumba kena. Zoona, mango iwisi. Ija munali kugenda muli mwana, n'kudya ndi mchele ndi tsabola mpaka mano kuchita dzanzi. Pefyumu imayamba ndi kuwawasa komweko, kobiliwila, kenako imakhazikika pa fungo la mtengo ndi kalubani pang'ono. Kukatentha ndi pamene imakoma. Siikhala tsiku lonse, koma maola amene ilipo ndi abwino kuposa ena onse. Pa nyengo yathu, iyi ndiyo yatenga chikho.

Mwaona zimene zachitika pamwamba pa mndandanda? Udzu wouma, mkuyu, mango iwisi. Zinthu zimene zili kuseli kwa nyumba ya agogo, zimene sitinaziganizilepo kuti n'chuma. Botolo ya 100ml ya gulu ili imapitilila madola 100. Kumbukilani kuti malipilo otsikitsitsa a wanchito wa panyumba amene boma linakhazikitsa kuyambila Januwale 2024 ndi K1,300 pamwezi. Ndiye kuti botolo imodzi ikuposa thukuta la mwezi wonse la amayi aja amene amachapa ndi kukolopa ku Kabulonga.

Manje tiyeni ku nkhani ya "100% natural", chifukwa apa ndi pamene ambili akudyeledwa. M'botolo ya nambala 1 ija mulibe mango imene inafinyidwa. Mango siitulutsa mafuta onunkhila monga amachitila maluwa a rozi kapena makoko a lalanje. Wopanga pefyumu amanunkhiza chipatso, n'kubwelela ku labu, n'kusakaniza mankhwala osiyanasiyana mpaka mphuno yanu ivomele kuti iyi ndi mango. Ellena amene sabisa kuti amagwilitsa nchito zopangidwa mu labu pamodzi ndi zachilengedwe. Ndipo si zachilendo. Coumarin, mankhwala onunkhila ngati udzu wotchetcha, analowa mu pefyumu ya Fougère Royale mu 1882. Vanillin analowa mu Jicky ya Guerlain mu 1889. Kuyambila nthawi imeneyo, pafupifupi pefyumu iliyonse yotchuka ndi ukwati wa munda ndi labu.

Kodi ndiye kuti ndi chinyengo? Iyayi. Ganizilani izi: kuti mupeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi mufunika matani oposa 3 a maluwa. Oud, imene anyamata ambili akuithamangila masiku ano, imachokela ku mtengo wa Aquilaria wa ku Asia, umene unadulidwa kwambili mpaka malonda ake anaikidwa pansi pa pangano la CITES loteteza zamoyo zimene zili pangozi. Ife a Zambia sitifunika kuuzidwa zimene zimachitika dziko lonse likakonda mtengo umodzi. Tinaona mathilaki a mukula, ndipo mu 2019 nawonso unalowa pa mndandanda wa CITES. Dziko lonse likanati lizidzola zachilengedwe zokhazokha, nkhalango zikanatha kale. Labu nthawi zina ndiyo imapulumutsa mtengo.

Choncho munthu akakuuzani kuti kabotolo ka oud ka mtengo wa lanchi ndi kachilengedwe kotheratu, dziwani kuti mwina sakudziwa chimene akugulitsa, kapena akudziwa bwino kuti inu simukudziwa. Ndipo mawu akuti chilengedwe satanthauza kuti khungu lanu lili pa mtendele. Mafuta ena a zomela, monga a bergamot osayengedwa bwino, amatha kusiya mabala akuda pakhungu mukayenda padzuwa.

Nanga ndalama zonsezo zimapita kuti? Zina ndi luso la wopanga, ndipo lusolo ndi lenileni. Zambili ndi dzina, botolo, bokosi, kutsatsa, lendi ya sitolo ya pa eyapoti, msonkho ndi phindu la aliyense amene yadutsa m'manja mwake isanafike kwa inu. Onjezani kuti zonse zimagulidwa m'madola. Kwacha ikagwedezeka, ka decant nakonso kamakwela. Chinanso, onse 7 ndi eau de toilette, kutanthauza kuti mafuta onunkhila ndi ochepa kuposa mu eau de parfum. Anapangidwa kuti akhale opepuka. Ngati mufuna fungo lotsala m'chipinda inu mutachoka, gulu ili si lanu, ndipo mungataye ndalama pachabe.

N'chifukwa chake mapefyumu a chi Arabu monga Lattafa agwila msika kuno. Ndi olemela, amakhalitsa, ndipo mtengo wake munthu wa tamanga angaukwanitse. Amenewo alibe mlandu, amagulitsidwa ndi dzina lawolawo. Mlandu uli pa botolo yolembedwa dzina la Hermès koma mkati muli zimene palibe angakuuzeni. Imeneyo mukuika pakhosi panu tsiku lililonse osadziwa kuti muli chiyani.

Tisanamuweluze mnyamata wofuna kununkhila bwino, timumvetse. Mu tauni muno anthu amakuyeza usanatsegule pakamwa. Wofuna nchito, wogulitsa inshuwalansi, mtsikana wa pa resepishoni, onse amadziwa kuti fungo ndi mbali ya chovala. Galimoto sangagule, nyumba ya ku Ibex sangaikwanitse, koma tumadontho tiwili twa chinthu chimene apamwamba amadzola angatupeze. Palibe choseketsa pamenepo. Zimaipa pamene munthu atenga kaloba kapena loni ya pa foni kuti agule botolo yathunthu, fungo n'kutha masana, ngongole n'kutsala mpaka mwezi wa mawa ikubala ana.

Ndiye ngati mtima wanu wagwa pa limodzi la madimba awa, chitani motele. Yambani ndi decant. Ka 10ml kali ndi mapopelo pafupifupi 100, okwanila mwezi ndi kupitilila ngati simukusamba nayo. Uzani ba sista akuonetseni botolo imene akupungulako, ndipo nambala ya pansi pa botolo ifanane ndi ya pa bokosi. Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi funso limenelo. Yesani pakhungu, osati pa pepala chabe, ndipo dikilani maola angapo musanatulutse ndalama, chifukwa fungo la mphindi zoyamba silimene muzakhala nalo. Sungani botolo mu kabati, kutali ndi windo ndi dashibodi ya galimoto, popeza kutentha ndi kuwala zimaononga pefyumu. Ndipo mukaleka kuimva, sikuti yatha. Mphuno yanu yangozolowela, koma anzanu akali kuimva. Kawili n'kokwanila.

Chotsala ndi funso kwa achinyamata amene akuphunzila chemistry ku UNZA ndi ku CBU, ndi kwa ba sista amene aphunzila kale kusakaniza mafuta. Ngati munthu anachoka ku France kukafuna mango iwisi ku Egypt n'kupanga pefyumu imene ikugulitsidwa mpaka lelo, masuku athu, mabuyu, uchi wa ku North-Western ndi fumbi la mvula yoyamba zikudikila ndani? Tiuzeni fungo la kwanu limene mungalipile kuti likhale m'botolo.