Timizere ta pa penti yatsopano: wolakwa ndani?

Galimoto zambiri zomwe zimanyamula anthu pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, ma Sienta ndi ma Probox, zidafika kuno zitagwira kale ntchito ku Japan. Ikatha zaka zingapo padzuwa la Salima, penti imafwifwa, ndipo mwini wake amasonkhanitsa ndalama n'kupita nayo kwa mmisiri. Imatuluka ikuwala ngati galasi. Koma pakangotha sabata ziwiri kapena zitatu, mukaiona masana, paboneti pamaoneka timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. Mkangano umayambira pomwepo. Mwini galimoto amati mmisiri adamubera, mmisiri amaloza anyamata otsuka, anyamatawo amati penti yake ndi yachabechabe.

Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ndikuti tiunike nkhaniyi modekha, chifukwa kawirikawiri onse atatuwa amakhala ndi mbali yawo.

Penti ya galimoto imakhala ndi magawo atatu: woyamba wogwira chitsulo, wachiwiri wa mtundu, ndi wapamwamba woonekera mkati, womwe amisiri amautcha kiliya. Umenewu ndiwo umawala. Pagalimoto yochokera kufakitale, kiliya amakhala wokhuthala pafupifupi ma micron 40 mpaka 50, kuchepa kuposa tsitsi limodzi la munthu. Timizere tomwe tikukanganirana ndi tizikande tating'ono kwambiri pa gawo limeneli.

Chodabwitsa n'chakuti tambiri mwa tizikandeti si tozungulira ayi. Ndi towongoka, tongoloza mbali zosiyanasiyana. Dzuwa likawomba, diso lanu limalandira kuwala kochokera pa tokhato tomwe tapingasa njira ya kuwalako, ndipo tikaphatikizana timaoneka ngati tazungulira chithunzi cha dzuwa. N'chifukwa chake mukasuntha, ukondewo umasuntha nanu. N'chifukwa chakenso galimoto yakuda kapena yobiriwira kwambiri imaonetsa manyazi ake msanga kuposa yoyera.

Nanga chimakanda n'chiyani? Mu 1812, katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, adakonza mlingo wa kulimba kwa zinthu kuyambira 1 mpaka 10. Chikhadabo chili pa 2.5, chitsulo cha mpeni chili cha pa 5.5, pomwe quartz, mwala womwe umapanga mchenga wambiri, uli pa 7. Mchenga womwe mphepo ya mwera imauluzira pagalimoto kuyambira cha mu May mpaka August ndi wolimba kuposa mpeni. Mnyamata akatenga nsanza youma n'kupukuta fumbi limenelo, ndi chimodzimodzi kukwecha galimoto ndi sandipepa. Ndowa imodzi yotsukira matayala ndi boneti yomwe, nsanza yogwa pansi n'kungoikutumula, sopo waufa wochapira zovala yemwe sadasungunuke bwino, zonsezi zimasiya zikande.

Penti yatsopano imavulala msanga chifukwa imakhala isanakhwime. Kunja imaoneka youma tsiku lomwelo, koma thina amapitiriza kutuluka pang'onopang'ono kwa mwezi umodzi mpaka itatu, makamaka poti magalaji athu ambiri amaumitsa penti ndi mpweya basi, alibe chipinda chotenthetsera. M'nyengo imeneyi musaipake phula, chifukwa limatsekera thinayo mkati. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amisiri nawo asathawe mlandu. Akapopera penti panja, tifumbi timamatirira, ndiye amasalaza ndi sandipepa wonyowa wa nambala 1500 kapena 2000, kenako n'kupukuta ndi polishi wokhakhala pa makina okhala ndi ubweya wa nkhosa. Mpaka apa palibe cholakwika. Vuto ndi kulekera pomwepo. Ubweya umasiya mizere yakeyake, yomwe imafunika kuchotsedwa ndi siponji yofewa ndi polishi wosalala, makina akuyenda pang'onopang'ono. Ena amamangirira ubweyawo ku girayinda yodulira zitsulo, yomwe imazungulira maulendo oposa 10 000 pamphindi imodzi, pomwe makina enieni opukutira amathera cha pa 3 000. Kutentha kwake kumapsereza penti, makamaka m'mphepete mwa zitseko. Enanso amangopaka mafuta owalitsa omwe amadzaza tizikande osatichotsa. Galimoto imatuluka ikunyezimira, koma ikatsukidwa kangapo mafuta aja amachoka. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Tsono inu eni galimoto, musalandire galimoto yanu madzulo kapena pamthunzi wa mtengo wa mango. Itulutseni padzuwa, kapena walitsani tochi ya foni pafupi ndi boneti ndi zitseko. Pemphani mmisiri atsuke kachigawo kamodzi ndi sopo inu mukuona, kuti ngati pali mafuta obisa aonekere. Gwirizanani musanapereke ndalama yomaliza kuti mudzabweranso pakatha mwezi kuti adzamalize kupukuta penti itakhwima.

Ngati timizere tabwera kale, yesani ndi chikhadabo. Chikamakola pa mzere, ndiye kuti chikandecho chalowa kwambiri ndipo polishi sangachithe. Chikamangodutsa, polishi wosalala akwanira. Yambani ndi wofewetsetsa, pamthunzi, chitsulo chitazizira, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi. Kumbukirani kuti kupukuta ndi kusenga kiliya mpaka afanane ndi pansi pa chikande. Mukamapukutitsa mwezi ndi mwezi, tsiku lina mudzapeza kiliya watha, ndipo dzuwa la October lidzasupula zotsalazo ngati khungu la njoka.

Kwa achimwene otsuka galimoto, ena mwa inu mudadutsa m'manja mwathu m'kalasi, ndipo ntchito yanu ndi yolemekezeka. Yambani ndi kuthira madzi ambiri kuti mchenga utsike musanakhudze. Khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu. Tsukani kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, matayala akhale ndi nsanza yawoyawo. Ndowa yachiwiri ndi yotchipa kuyerekeza ndi kasitomala amene mungamutaye. Ndipo chonde, musamatsukire galimoto m'nyanja, chifukwa oilo ndi sopo zimathera momwe muli usipa womwe tonse timadya.

Pempho langa lomaliza likupita ku TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999, komanso ku Salima Technical College. Maphunziro a masiku ochepa a kasamalidwe ka penti, opita kwa anyamata otsuka ndi amisiri a m'magalaji ang'onoang'ono, angapulumutse ndalama zambiri za anthu omwe adagula galimoto ndi ngongole. Dalaivala wa Sienta akapentetsa kawiri chaka chimodzi, ndalama yachiwiriyo imachokera pa fizi ya mwana yemwe ndimamudikira m'kalasi.