Madzi Saiwala Khwawa: Kalata ya Abusa a ku Chileka ndi Lirangwe

Kwa mafumu athu, makhansala ndi akuluakulu a khonsolo ya boma la Blantyre.

Ife abusa a mipingo yosiyanasiyana ya kuno takulemberani pa zimene tikuona tikamayendera nkhosa zathu. Mzinda wa Blantyre wadzaza ndipo ukusefukira kwathu. Ku Chileka, ndi m'mbali mwa msewu wa M1 kudzera pa Lunzu mpaka pa Lirangwe, minda ikusanduka maploti. Malo okwera akwera mtengo, choncho zikhomo zayamba kukhomedwa m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Likhubula ndi Lunzu. Munthu amagula ploti mu Okutobala pansi pali gwaa, n'kudzazindikira mu Januwale kuti wamanga panjira ya madzi.

Dambo ndi mtsuko wa mudzi. Limalandira mvula ya dzinja, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Ndimo muli zitsime, ndimo muli madimba a mpiru ndi tomato amene amayi amalipirira ana sukulu, ndimo ng'ombe ndi mbuzi zimapeza msipu kumtunda kukauma. Mukalikwirira ndi miyala ndi simenti, madziwo sachoka m'dziko. Amakalowa m'nyumba ya mnansi wa kumunsi, kawirikawiri mayi wamasiye wa nyumba ya zidina. Chimbudzi chokumba m'dambo chimamwerana ndi chitsime, ndipo tisaiwale kuti kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Dothi lokokoloka limathera mu Shire, momwe mzinda umapopa madzi akumwa pa Walker's Ferry, momwenso Nkula amatipangira magetsi.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatiliza tonse. Tikakumbuka abale athu a ku Chilobwe amene anakwiriridwa ndi matope otsika m'phiri la Soche, mitima imawawabe. Kodi tidikire maliro ena kuti timve?

Malamulo alipo. Ndondomeko ya malo ya 2002 imati madambo ndi malo a anthu onse a m'dera la mfumu, si a banja limodzi. Lamulo la mapulani a chitukuko la 2016 limakhudza dziko lonse, midzi yomwe. Lamulo la chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye ngati sizidzaononga malo. Mantha athu ali pa kachitseko kakang'ono: pempho lakuti malo oletsedwa kumangapo aloledwe "kamodzi kokha". Kamodzi ka mwini chuma kamatsegulira njira enanso khumi, ndipo dambo limatha ploti imodzi imodzi.

Tsono akuluakulu a khonsolo, pempho lililonse lotere limveke poyera. Lilengezedwe pa bwalo la mfumu ndi m'machalichi musanagamule. Pitani mukaone malowo nthawi ya mvula, osati pa pepala muofesi. Funsani amayi otunga madzi ndi agogo odziwa pamene mtsinje unalekezera utasefukira mu 2015. Mukavomera kapena kukana, lembani zifukwa m'Chichewa, muzikhome pamene aliyense angawerenge.

Mafumu athu, timakulemekezani. Inu mumasungira malo ana amene sanabadwe. Kumbukirani Naboti, amene anakana kugulitsa cholowa cha makolo ake ngakhale wochifuna anali mfumu Ahabu. Madobadoba akabwera ndi envulopu, muwabweze. Makomiti a malo a m'midzi, amene lamulo linati mukhale amayi osachepera atatu, asangokhala dzina.

Sitikuweruza banja losauka limene linamanga m'dambo chifukwa chosowa kolowera. Kuligumulira nyumba popanda kulisonyeza malo ena n'kulilanga kawiri. Khonsolo ipatule maploti otsika mtengo pamalo okwera, ofikako msewu ndi madzi, kuti kusamuka kutheke.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mipingo imamanga machalichi, sukulu ndi nyumba za abusa, imaumba njerwa, imagula mchenga wokumbidwa m'mitsinje. Tagwirizana kuti sitidzagula kapena kulandira malo a m'dambo, ngakhale atabwera ngati chopereka, ndipo sitidzadalitsa maziko okumbidwa mmenemo.

Kalatayi iwerengedwe m'mapemphero a Lamulungu, kenaka akulu a mpingo akaipereke kwa mfumu ndi khansala wa dera lawo.

Ife atumiki anu mwa Khristu,
Abusa a ku Chileka ndi Lirangwe