Amakaniko, yezani kaye musanatiuze zogula

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera pa tsamba lino za amakaniko ena amene amakonza galimoto mongolota.

Mpingo wathu uli ndi kagalimoto kakale kochokera ku Japan. Abusa amayendera komweko pokadyetsa Mgonero, ndipo mayi woyembekezera akafika potopa usiku, mudzi wonse umadalira komweko. Chaka chatha kanayamba nthumanzi. Ukaponda moto kamatsamwa, ukaima injini n'kumakuwa yokha, kanyale kachikasu kali chiyakire. Tsiku lina m'mawa kanakaniratu kulira. Sitata imazungulira bwinobwino, koma injini zii.

Makaniko woyamba anangotchera khutu n'kunena kuti yafa ndi sensa ya throttle. Tinagula, osalira. Wachiwiri anati pampu ya petulo. Tinagulanso, osalira. Apa n'kuti ndalama za masika, zimene Akhristu anapereka kuti tifolere tchalitchi, zikupita. Ine pokhala msungichuma ndinasowa poyang'ana.

Anatiombola ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8, pano anaphunzira zamagetsi a galimoto. Anabwera ndi kamita kokwana m'thumba la malaya, ndipo zimene anandifotokozera ndifuna abusa, ansembe ndi akuluampingo azimve.

Throttle ndi kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, kamene kamatseguka tikaponda moto. Sensa ija ntchito yake n'kuuza kompyuta ya galimoto kuti kachitsekoko katseguka motani. Kawirikawiri imakhala ndi mawaya atatu: wina umabweretsa magetsi a 5 volts kuchokera ku kompyuta, wina ndi wobwezera, wachitatu ndiwo umatenga uthenga. Phazi likakhala pambali uthengawo umakhala cha m'ma theka la volt, ukaponda mpaka pansi umakwera kupitirira 4 volts. Sensa ikangotha, galimoto zambiri zimalirabe, kungoti zimayenda motsimphina. Ndiye ikakaniratu kulira, munthu wanzeru amayamba wakayika kuti mwina vuto lili pena.

Mnyamatayo atayeza anapeza kuti 5 volts ija palibe. Anazula pulagi ya sensa, osabwererabe. Analondola waya mpaka kuseri kwa injini, n'kupeza makoswe atauseteka, mkuwa ukukhudza chitsulo. Paja galimotoyo timaigoneka m'chipinda momwe timasungamo chimanga cha mpingo. Pamenepo cholakwa n'chathu, ndavomera. Pa galimoto zambiri magetsi amenewa amagawana masensa angapo, choncho waya umodzi ukagunda chitsulo onse amakhala chete, kompyuta n'kusowa poyambira. Analumikiza, kukulunga tepi, kiyi kamodzi, galimoto inalira. Sensa ndi pampu zakale zija zinali zabwinobwino.

Ndiye inu osunga galimoto za mipingo, musanatulutse khobidi onani mitu ya batire ngati yamanga ndiponso ngati yachita ufa woyera. Onani mafyuzi. Tembenuzani kiyi osaliza, mumvetsere cha ku thanki. Pa galimoto zambiri pampu yamoyo imang'ung'udza pang'ono. Musaumirize sitata mpaka batire kutha, ndipo ngati ndi ya otomatiki musavutitse anyamata a kwaya kuti akankhe, siilira choncho. Makaniko akati gulani chakuti, mufunseni kuti, "Mwayeza chiyani, ndipo mwapeza chiyani?" Chitsulo chakale akubwezereni m'manja.

Sindikunyoza amakaniko a pansi pa mtengo ayi. Ambiri anaphunzira pa galimoto za kabyuleta, ndipo pamenepo ndi akatswiri. Koma ine m'kalasi sindinkachonga ansala ya samu yopanda njira yake, ngakhale mwana atalasa. Ndikupempha a TEVETA kuti maphunziro aafupi a zamagetsi a galimoto awafikirenso abale athuwa m'matauni ang'onoang'ono kuno kumudzi.

Denga la tchalitchi likudonthabe, ndipo pampu ya petulo yosafunika ija ili mu kabati ya ku vesitili. Ofuna kugula atipeze.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.