Wolakwa ndi Kalaliki, Wolipira ndi Wolumala

Ku America ofesi ya boma ya Social Security ikapatsa munthu wolumala ndalama zopyola muyeso, imamulondola kuti abweze, ngakhale kulakwa kukhale kwa ofesiyo. Mu 2024 idalamula kuti azidulidwa 10 peresenti ya ndalama za pamwezi. Mu 2025 ambiri idawakwezera kufika pa 50 peresenti. Theka la chakudya cha munthu wosatha kugwira khasu! Akadandaula, azitopa yekha ndi apilo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006, amafikanso mabanja a olumala. Tiwauze aphungu athu kuti lamulo linene poyera: kalaliki akaphonya masamu, wosauka asabweze. Ndipo pepala lililonse lolandirira ndalama, lisungeni.