Mabulosi ndi chakudya, osati cholowa m'malo mwa mapiritsi

Azakhali,

Ndili pabanja zaka 6 ndipo tili ndi ana awiri. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa mabulosi. Ine ndikufuna tiudule chifukwa ana akuthimbiritsa zovala tsiku ndi tsiku. Koma amuna anga, amene anawapeza ndi matenda a shuga, akuti mtengowo ndiye chipatala chawo. Anamva kuti masamba ake amachiza shuga, ndiye akumwa tiyi wa masambawo ndipo mapiritsi asiya. Nkhaniyi yatiyambanitsa. Nditani?

Mayi wa ana awiri,
Chikamveka, Zomba

Mayi,

Tiyambe ndi zoopsazo. Abambowo abwerere kumapiritsi lero lomwe, osati mawa. N'zoona kuti m'masamba a mabulosi muli chinthu china chimene akatswiri amachitcha DNJ. Ntchito yake n'kuchedwetsa kugayidwa kwa zakudya monga nsima ndi buledi m'matumbo, motero shuga sakwera mwadzidzidzi munthu akangodya. Komatu kuchedwetsa si kuchiza. Shuga wosasamalidwa amawononga maso, impso ndi mapazi mwakachetechete, mwini wake akuti ali bwino.

Ngakhale kuphatikiza tiyiyo ndi mapiritsi kumafuna uphungu, chifukwa shuga atha kutsika kwambiri mpaka munthu kunjenjemera kapena kukomoka. Safunsa anadya phula. Aperekezeni ku Zomba Central Hospital, akayezetse, ndipo akawauze adokotala zonse zimene akumwa. Musawakalipire. Ambiri amasiya mankhwala chifukwa chotopa nawo, osati chipongwe. Auzeni mofatsa kuti inu ndi ana mukuwafuna amoyo.

Tsopano za nkhwangwa yanuyo, ibwezeni pamalo pake. Anzanu amaimitsa galimoto pamsewu wokwera ku Ku Chawe kuti agule zipatso kwa anyamata a m'phiri la Zomba, inu muli nazo zaulere pakhomo. Mabulosi akupsa olemera magalamu 100 amakhala ndi vitamini C wokwana pafupifupi mamiligalamu 36, komanso ayironi pang'ono. Vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba monga bonongwe, zomwe zimateteza ana ku vuto la kuchepa kwa magazi. Ndipo utoto umene ukukuvutani pazovalawo umatchedwa anthocyanin, womwe uli m'gulu la zinthu zoteteza maselo a m'thupi kuti asawonongeke msanga.

Ana azidya okhawo akupsa ndi kuda bii, mutawatsuka ndi madzi aukhondo. Osapsa, ndi utomoni woyera wa mtengowo, zimatha kupweteketsa m'mimba. Ena afinyireni m'phala la m'mawa. Akachuluka, aphikeni ndi shuga ndi madzi a mandimu mpaka alimbe, ndiye jamu wa ana ameneyo; abambo azidya zipatso zenizenizo, pang'ono. Musawasunge masiku ambiri, amaola msanga. Masamba otsala mbuzi ndi akalulu amawakonda.

Za zovala n'zosavuta. Ana azivala zakale popita kumtengoko, ndipo zikathimbirira ziviikeni m'madzi ozizira nthawi yomweyo. M'manja, mandimu amachotsa. Chingwe choyanikira chichoke pansi pa mtengo, chifukwa mbalame nazo zimadya mabulosi ndipo zimasiya chizindikiro. Ngati nthambi zatalika, zidulireni zipatso zikatha.

Khalani pansi awiri usiku uno, ana atagona. Inu mulonjeze kuusiya mtengo, iwo alonjeze kupita kuchipatala.

Azakhali